Kalata ya kochi yomwe inafika kawiri ku khoti lalikulu la America

Mu Epulo 1997, a Carlton Flatt, omwe anali kochi wa timu ya mpira pa sukulu yapulayiveti ya Brentwood Academy m'chigawo cha Tennessee ku America, analembera kalata anyamata 12. Anyamatawo anali mu giredi 8, kalasi yofanana ndi Sitandade 8 kwathu kuno, ana a zaka 13 kapena 14. M'kalatamo munalibe ndalama, munalibe lonjezo la nyumba kapena la ntchito ya makolo. A Flatt anangowaitana kuti abwere adzayambe kuchita nawo zokonzekera ndi timu sukulu isanatsegulire, anawauza kuti kuyamba msanga kudzawapindulira, ndipo pansi pake anasaina kuti "Kochi wanu". Makolo a ana onsewo anali atasaina kale mapepala osonyeza kuti ana awo akayamba sekondale pa sukulu yomweyo. Wina aliyense akanati apa palibe nkhani. Koma kalata imeneyi inabala mlandu womwe unatha zaka khumi, n'kukafika kawiri konse ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo.

Kuti munthu amvetse chomwe chinavuta, ayambe waona kukula kwa masewero a m'sukulu kumeneko. Mpira womwe tikunena pano si wathu uno wa miyendo. Ndi uja wa ku America, wooneka ngati dzira, womwe osewera amaunyamula m'manja atavala zipewa zolimba. M'matauni ambiri ang'onoang'ono, Lachisanu madzulo anthu amatseka mashopu kupita kukaonera timu ya sekondale. Ku Allen, m'chigawo cha Texas, sukulu ya sekondale ya boma inatsegula bwalo lake mu 2012, lokhala anthu 18,000, lomangidwa ndi ndalama pafupifupi madola 60 miliyoni. M'dziko lonse la America, chiwerengero cha ana olembetsa masewero a m'sukulu za sekondale chimafika pafupifupi 8 miliyoni pa chaka. Kochi wopambana amatchuka, amalipidwa bwino, ndipo wolephera amachotsedwa ntchito. Kwa mwana, mpira ukhoza kukhala njira yolowera kuyunivesite popanda kulipira fizi, ngakhale bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite la NCAA limanena lokha kuti mwa ana 100 alionse osewera kusekondale, ndi awiri okha omwe amapeza thandizo lotere. Pamene pali ndalama, ulemu ndi ntchito za anthu akuluakulu, mwana wothamanga kwambiri kapena wamtali kuposa anzake amasanduka katundu wolimbirana.

Masewerowa sayendetsedwa ndi unduna wa boma. Chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake lomwe sukulu zimalowa mwa kufuna kwawo, ndipo mabungwewa ali pansi pa mgwirizano wotchedwa NFHS, womwe unayamba mu 1920. Ku Tennessee bungwe lake ndi TSSAA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1925. Pa nthawi ya mlanduwu linali ndi sukulu za boma pafupifupi 290 ndi zapulayiveti 55.

Gwero la mkangano wonse lili pa kusiyana kwa sukulu za mitundu iwiriyi. Ku America mwana sasankhidwa kupita kusekondale kudzera m'mayeso a dziko lonse monga zikhalira kwathu. M'madera ambiri, mwana amapita ku sukulu ya boma ya dera lomwe makolo ake akukhala, basi. Kochi wa sukulu ya boma amaphika ndi zomwe zili m'nkhokwe: ana obadwira ndi kukulira m'misewu yozungulira sukuluyo. Chaka china amapeza aluso, chaka china ayi. Sukulu yapulayiveti ilibe malire otero. Imatha kulandira mwana wochokera kulikonse, ndipo ikafuna imamuchotsera fizi. Sukulu ngati imeneyi ikangotola anyamata awiri kapena atatu abwino kwambiri kuchokera ku dera lililonse, ndiye kuti yamanga timu yomwe palibe angaigonjetse, komanso yafooketsa matimu onse omwe ikapikisane nawo. Brentwood Academy inali sukulu yaing'ono koma yotenga zikho kawirikawiri, ndipo sukulu za boma zinkaiyang'ana ndi diso lokayikira. Chaka chomwecho cha 1997, bungwe la TSSAA linagawa mipikisano pawiri, kuti sukulu zopereka thandizo la fizi kwa osewera zizipikisana pazokha.

Lamulo lomwe a Flatt anapezeka kuti aphwanya linali loletsa kugwiritsa ntchito chikoka chopyola muyezo pofuna kuti mwana abwere kapena akhalebe pa sukulu chifukwa cha masewero. Mawu amenewa ndi otakata, ndipo anawalemba dala motero. Kupereka ndalama kwa makolo aliyense amadziwa kuti n'kulakwa. Koma zokopa zambiri sizioneka ngati ziphuphu. Ndi tikiti yaulere yoonera mpira, ndi nsapato zatsopano, ndi kochi kufika pakhomo madzulo n'kukhala pa mpando kumacheza ndi mayi wa mwana, ndi kholo la mwana wina wa pa timupo kunena kuti pa kampani yake pali malo a ntchito. Mabungwe ambiri amawerengera zonsezi, ndipo amati sukulu ili ndi mlandu ngakhale wochita zimenezo atakhala wongochemerera timu chabe, osati wolembedwa ntchito. Chomwe chimaloledwa n'chakuti sukulu idzilengeze kwa anthu onse mofanana, ndipo kholo likafuna kudziwa zambiri lipite ku ofesi yolembetsa ana, osati kwa kochi.

Nanga poti makolo a anyamata aja anali atasaina kale? Malamulo a TSSAA ankati mwana amawerengedwa kuti ndi wa sukuluyo pokhapokha ataphunzirapo masiku atatu. Asanatero, akadali ndi ufulu wosintha maganizo, ndipo kalata ya kochi ndi chingwe chomumangirira kuti asasinthe. Bungwelo litaunika kalatayo pamodzi ndi madandaulo ena, linalamula Brentwood kulipira chindapusa cha madola 3,000, kukhala pansi pa uyang'aniro zaka zinayi, komanso kuti matimu ake a anyamata a mpira ndi basketball asalowe m'ndime ya chipulula yolimbirana chikho kwa zaka ziwiri.

Sukuluyo inakasuma. Mfundo yake inali yakuti malamulo aakulu a dziko amapatsa munthu ufulu wolankhula, ndipo kalata yonena zoona, yopita kwa ana omwe makolo awo avomera kale, singakhale mlandu. Koma ufulu umenewo umateteza munthu ku boma, osati ku kalabu yomwe walowa yekha. Choncho funso loyamba linali lakuti: kodi TSSAA ndi boma kapena ndi kalabu? Pa 20 Febuluwale 2001, oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti ndi mkono wa boma. Woweruza David Souter, yemwe analemba chigamulocho, anaona kuti sukulu 84 mwa 100 zilizonse m'bungwemo zinali za boma, kuti oliyendetsa anali akuluakulu a sukulu za boma ochita misonkhano yake pa nthawi ya ntchito, ndiponso kuti ogwira ntchito m'bungwemo ankaloledwa kulowa m'thumba la penshoni la boma. Boma ndi bungwe zinali zitalukana moti sungazilekanitse. Brentwood inapambana ndime yoyamba, ndipo chigamulo chimenecho mpaka lero chimatanthauza kuti bungwe lotere silingalange sukulu kapena mwana mwachisawawa popanda kumumva.

Ndime yachiwiri inabwera pa 21 Juni 2007, ndipo apa oweruza onse asanu ndi anayi anagwirizana kuti Brentwood yaluza. Woweruza John Paul Stevens anafotokoza kuti sukuluyo inalowa m'bungwemo mwa kufuna kwake, ndipo palibe amene anailetsa kuuza dziko lonse za ubwino wa masewero ake. Chomwe chinaletsedwa ndi munthu wamkulu, wokhala ndi mphamvu pa tsogolo la mwana, kumulondola mwanayo payekha. Anayerekeza ndi mlandu wa mu 1978 wokhudza loya yemwe ankalondola anthu ovulala pa ngozi kuti awaimirire, pomwe khoti linavomereza kuti khalidwe lotero likhoza kuletsedwa. Kenako anatchula zoopsa zitatu: kuti kukakamiza ana aang'ono chotere kungathe kuwadyera masuku pamutu, kungasokoneze mpikisano pakati pa sukulu, ndiponso kungapangitse kuti mpira uzilemekezedwa kuposa maphunziro.

Ine ndikuona kuti oweruzawa analondola, ndipo chomwe chimandikhutiritsa ndi chinthu chimodzi chaching'ono chomwe chili m'mbiri ya mlanduwo: anyamata onse omwe analandira kalata anapita ku zokonzekerazo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsala. Ganizirani mwana wa zaka 13 atagwira envulopu yolembedwa dzina lake, yochokera kwa munthu yemwe dzina lake amalimva pa wailesi, munthu amene chaka chamawa adzasankhe yemwe alowe m'bwalo ndi yemwe akhale pa benchi. Kalatayo ikuti kubwera msanga kudzakupindulira. Mwana amamva mbali inayo yomwe sinalembedwe, yakuti kusabwera kudzakupweteka. Pempho la munthu wamkulu kwa mwana wotere ndi lamulo. Aliyense amene anatumidwapo ndi aphunzitsi akulu "ngati ungathe" akudziwa kuti mawu amenewo sapereka mpata wokana.

Komabe sindingabise kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe imandivutitsa mumtima, ndipo chitsanzo chake chili pafupi ndi kwathu. Siya Kolisi anakulira ku Zwide, komboni ya ku Port Elizabeth, mzinda womwe pano ukutchedwa Gqeberha, m'banja lomwe chakudya chinali chosowa. Ali ndi zaka 12 anaonedwa akusewera rugby pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, ndipo anapatsidwa malo ndi thandizo la fizi pa Grey Junior, kenako Grey High School. Mwana yemweyo ndi amene ananyamula chikho cha dziko lonse ngati kaputeni wa South Africa mu 2019 ndi mu 2023. Zomwe zinamuchitikira ndi zomwezo zimene malamulo a ku Tennessee amaletsa: munthu wamkulu anaona luso, anamulondola mwana, n'kumutengera ku sukulu ya anthu olemera chifukwa cha masewero. Pakanakhala lamulo lolimba loletsa zimenezo, khomo limenelo likanakhala lotseka. Mwana wa munthu wolemera safuna kochi woti amupeze, bambo ake amangolipira fizi kulikonse komwe afuna. Amene amadalira kuonedwa ndi mwana wa mmphawi. Lamulo lofuna kuteteza mwana likhoza kumutsekera m'sukulu yopanda mabuku, pamene luso lake likanamugulira maphunziro abwino.

Chimene ndimayankha ndekha ndikamaganiza za Kolisi n'chakuti timamudziwa chifukwa zinamuyendera. Sitimva za mnyamata amene anatengedwa chimodzimodzi, n'kuthyoka bondo ali mu fomu yachiwiri, thandizo la fizi n'kutha mwakachetechete. Sitimva za amene anaikidwa m'kalasi yomwe sakanatha kuitsatira, aphunzitsi n'kumangomukankhira kutsogolo kuti asaphonye masewero, n'kutuluka wopanda satifiketi yomuthandiza. Ku South Africa komweko madandaulo oti sukulu zotchuka pa rugby zimalandana ana ndi akalekale, ndipo nthawi zina sukulu zimafika pokana kuseweranso ndi inzake chifukwa cha zimenezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso loyenera kufunsa sukulu iliyonse yomwe ikutenga mwana chifukwa cha mpira ndi limodzi: akavulala lero, osadzaseweranso, kodi mumusunga mpaka amalize? Yankho lake ndi lomwe limasiyanitsa thandizo ndi malonda.

Kugwira kochi akunyengerera mwana n'kovuta. Zokambirana zimachitikira pa foni, m'galimoto, kapena kudzera mwa munthu wachitatu, makamaka makochi a matimu a kunja kwa sukulu omwe ana amasewerako pa tchuthi. Mabungwe atalephera kugwira akuluakulu, anatembenukira kwa amene sangabisale, yemwe ndi mwana. Apa ndi pomwe panabadwira malamulo a kusamuka. M'zigawo zambiri, mwana akasintha sukulu makolo ake asanasamuke nyumba, amakhala osasewera m'timu yaikulu kwa chaka chathunthu kapena theka la nyengo ya masewero. Ku Texas, bungwe loyendetsa masewero a m'sukulu la UIL lili ndi fomu yomwe sukulu yakale imadzaza, kunena ngati ikukhulupirira kuti mwanayo wachoka chifukwa cha masewero, ndipo komiti ya m'deralo imakhala pansi n'kugamula. Tangoganizani: kochi yemwe wakwiya kuti wataya wosewera wake ndi yemweyo amene akufunsidwa kuti anene chomwe chili mumtima mwa mwanayo.

Ndipo mtima wa munthu suli ndi chifukwa chimodzi. Mwana akhoza kuchoka chifukwa anzake akumuzunza, chifukwa makolo alekana ndipo akukakhala ndi agogo, chifukwa sukulu inayo imaphunzitsa bwino sayansi, komanso chifukwa timu yake ndi yabwino, zonsezi nthawi imodzi. Malamulo ali ndi mpata wa apilo kwa omwe ali pa mavuto enieni, koma amene amadziwa kulemba apilo ndi kulemba ntchito loya ndi mabanja omwe ali nazo kale. Mabanja omwewo ndi amene amatha kuzemba lamulo mosavuta: amachita lendi kanyumba m'dera la sukulu yomwe akufuna, n'kulembetsa adiresi imeneyo, ena osagonamo n'komwe. Ena amalembetsa mwana kuti akusungidwa ndi wachibale. Zikaululika, timu imalandidwa mapointi kapena chikho. Mu 2022, UIL inalanda sukulu ya Duncanville chikho cha basketball cha chigawo chonse chifukwa chogwiritsa ntchito wosewera yemwe bungwelo linati sanali woyenera. Anyamata ena onse a m'timumo, omwe sanalakwe kanthu, anataya chomwe anakhetsera thukuta chaka chonse.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi mabungwe ambiriwa. Lamulo loletsa kochi kulondola mwana ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse. Koma lamulo lokhazika mwana pansi chaka chathunthu, pa zaka zinayi zokha zomwe ali nazo, chifukwa choti akuluakulu akukayikirana, ndi kumenya mbuzi chifukwa cha mlandu wa mbusa. Chigawo cha Florida chinayesa njira ina mu 2016. Chinakhazikitsa lamulo lolola mwana wosamuka kuyamba kusewera nthawi yomweyo, kupatula pa zochitika zina pakati pa nyengo ya masewero, koma n'kukhwimitsa chilango kwa wogwira ntchito pa sukulu wopezeka akukopa ana: ulendo woyamba amadulidwa madola 5,000 pa malipiro ake, akabwereza amaimitsidwa ukochi chaka chathunthu, ndipo kachitatu akhoza kulandidwa chiphaso cha uphunzitsi. Maganizo ake ndi abwino, chifukwa chikwapu chikugwera pa msana woyenera. Otsutsa amati zotsatira zake n'zakuti ana aluso amangodziunjika okha pa sukulu zochepa, poti kukopa kumapitirirabe mobisa ndipo umboni umasowa. Zimenezonso ndi zoona, ndipo palibe chigawo chomwe chapeza njira yopanda chilema.

Zigawo zina zinasiya kulimbana ndi zolinga za anthu n'kuyamba kuwerengera masamu. Popeza sukulu zimaikidwa m'magulu malinga ndi kuchuluka kwa ana, Illinois imachulukitsa chiwerengero cha ana a sukulu zopanda malire a dera ndi 1.65, ndipo Alabama inkachulukitsa cha sukulu zapulayiveti ndi 1.35, kuti zizikumana ndi sukulu zazikulu kuposa izo. Kwina timu ikapambana kwambiri zaka zotsatizana imakwezedwa gulu.

Wina angafunse kuti bwanji osangochotsa malamulo onsewa, aliyense azipita komwe akufuna. Yankho linaoneka pa wailesi ya kanema ya ESPN pa 29 Ogasiti 2021. Tsiku limenelo IMG Academy ya ku Bradenton, Florida, sukulu yogonera pomwepo yomwe ntchito yake yeniyeni ndi kusula osewera ochokera kulikonse, inakumana ndi timu yotchedwa Bishop Sycamore ya ku Ohio. IMG inapambana 58 kwa 0, ndipo mpira uli m'kati owulutsa mawu anayamba kudandaula poyera kuti anyamata a timu inayo avulala. Kenako zinadziwika kuti timuyo inali itasewera mpira wina masiku awiri okha m'mbuyomo, chinthu choopsa kwambiri pa masewero ogundana chotere, komanso kuti ena mwa osewera anali atamaliza kale sekondale. Bishop Sycamore sinali membala wa bungwe la masewero a m'sukulu la Ohio, choncho panalibe woifunsa. Mu Disembala chaka chomwecho, dipatimenti ya maphunziro ya chigawocho inatulutsa lipoti lonena kuti sinapeze umboni woti panali sukulu yeniyeni yophunzitsa ana. Anyamata aja anakopedwa ndi lonjezo loti makochi a m'mayunivesite adzawaona. Makolo ena analipira ndalama. Nthawi yawo ya maphunziro inapita.

Pamwamba pa zonsezi pali mayunivesite, omwe nawo amakoka chingwe. NCAA ili ndi kalendala yonena nthawi yomwe kochi wa yunivesite angayambe kulankhula ndi mwana wa sekondale, ndi masiku omwe saloledwa kukumana naye maso ndi maso. Kale chilango cha kulipira osewera chinali choopsa: mu 1987 yunivesite ya SMU ku Texas inaletsedwa kusewera mpira chaka chonse. Koma kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera a m'mayunivesite analoledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope zawo, monga kutsatsa malonda, ndipo kuyambira mu 2025 mayunivesite akuluakulu akutha kuwalipira mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu pa chaka choyamba. Zigawo zambiri zalolanso ana a sekondale kuchita malonda otere. Madzi akasefukira kumtunda amafika kumunsi. Kholo lomwe likuona kuti mwana wake akhoza kupeza ndalama zambiri ali ndi zaka 18 limayamba kumusakira sukulu yoonekera ali ndi zaka 13, ndipo kalata ya a Flatt, poyerekeza ndi mauthenga omwe ana amalandira lero pa Instagram, ikuoneka yofatsa kwambiri.

Nkhaniyi imatikhudza ife m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ana athu omwe amapita kunja. Lamulo la America la mu 1996 limati mwana wakunja wobwera ndi chiphaso cha wophunzira cha F-1 angaphunzire pa sekondale ya boma miyezi 12 yokha, ndipo alipire mtengo wonse, pamene pa sukulu yapulayiveti palibe malire otero. N'chifukwa chake ana a ku Africa opita kukasewera amathera m'sukulu zapulayiveti, zina zabwino kwambiri, zina zongotchedwa sukulu. Pali mabungwe omwe amayendetsa njirayi mwadongosolo, monga Right to Dream ya ku Ghana yomwe inayamba mu 1999, ndi Ascent Soccer ya ku Lilongwe, omwe atumizako achinyamata ku sukulu zogonera pomwepo ndi thandizo la fizi. Koma pali anthu enanso ongoyenda ndi mapepala m'chikwama. Kholo likauzidwa kuti mwana wapeza mwayi, lifunse dzina la sukulu, lione ngati ili m'bungwe la masewero la chigawo chake, lidziwe komwe mwana azikagona ndi yemwe azisunga pasipoti yake, ndipo lonjezo la fizi likhale lolembedwa, lonena zomwe zidzachitike mwana akavulala. Pa mpira wa miyendo wa makalabu, FIFA imaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa monga makolo kusamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Barcelona inalangidwa mu 2014 chifukwa chophwanya lamulo limeneli, ndipo Chelsea mu 2019. Munthu wolonjeza kutengera mwana wa zaka 15 ku kalabu ya ku Ulaya akulonjeza chinthu chomwe malamulo salola.

Njira yachiwiri ndi ya pakhomo pompano. Kwathu makochi salemberana makalata ndi ana, koma aganyu timawadziwa. Ndili kusekondale, tinapita kukasewera ndi sukulu ina ya m'boma lathu, ndipo kutsogolo kwa timu yawo kunali munthu yemwe tonse tinkamudziwa kuti amapalasa kabaza pa msika. Anamuveka yunifolomu ya sukulu m'mawa womwewo, malaya osafika pa lamba. Aphunzitsi athu a zamasewero anapempha kaundula, anzawo anabweretsa buku lomwe dzina lake linalembedwa m'munsi ndi cholembera cha mtundu wina, ndipo atakangana kwa theka la ola mpira unayamba. Anatimwetsa zigoli ziwiri. Koma amene ndimamukumbukira kwambiri ndi mnyamata wa Fomu 2 wa sukulu yomweyo, yemwe anakhala kunja kwa mzere atavala jezi koma wopanda nsapato, chifukwa nsapato zake anabwereketsa kwa waganyuyo. Ameneyo ndi amene anaberedwa kuposa ife.

Kunama zaka ndi m'bale wake wa khalidwe lomweli, ndipo Malawi anapindulapo pamene lamulo linagwira ntchito. Mu 2009, pa mpikisano wa Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 ku Algeria, Niger inachotsedwa chifukwa choseweretsa munthu wopyola zaka, ndipo malo ake anapita kwa Malawi, yemwe anakafika ku mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho. Ndi pa mpikisano wa ku Nigeria umenewo pomwe FIFA inayamba kugwiritsa ntchito makina a MRI kuunika mafupa a pa mkono pofuna kuyerekeza zaka za osewera.

Tsopano ndalama zayamba kulowa m'mpira wa m'sukulu kunonso. Mu 2022 bungwe la CAF linayambitsa mpikisano wa sukulu za mu Africa wa ana osapitirira zaka 15, ndi thandizo la madola 10 miliyoni lochokera ku Motsepe Foundation. Pa ndime yomaliza ku Durban mu Epulo 2023, sukulu yopambana inkalandira madola 300,000, ndipo anyamata a Salima Secondary School anakhala pa nambala yachitatu. Ndalama zotere zikhoza kumanga makalasi ndi laibulale, ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense amene anamva nkhaniyo anayamba kuiona timu ya sukulu yake ndi maso ena. Mabungwe oyendetsa masewero a m'sukulu, monga MASSA ku Malawi, adzakumana ndi mafunso omwewo amene TSSAA inakumana nawo: mwana akhale nthawi yaitali bwanji pa sukulu asanaiseweretse, ndani aloledwe kulankhula ndi makolo ake, kaundula atsimikizidwe ndi ndani, ndipo chinyengo chikapezeka alangidwe ndani. Pa funso lomalizali ine ndingapemphe kuti dzina loyamba kulembedwa pa kalata ya chilango likhale la mphunzitsi amene anasaina fomu, ndipo mwana, ngati ndi wophunziradi wa pa sukulupo, abwerere m'bwalo Loweruka lotsatira.